Mphunzitsi Amene Anasowa Yankho

Pamene tipita kukapepesa maliro, mau athu sachedwa kutuluka: "Limbani mtima, musalire." Timanena ndi mtima wabwino ndithu. Koma kodi wofedwayo amadziona bwanji ife titabalalika, misozi ikakana kuuma? Ambiri amadziyesa ofooka, ena amakayika ngati akali Akhristu. Tsono timve za munthu wina amene anali kukhala ku Mangalande.

C. S. Lewis anali mphunzitsi pa sukulu za ukachenjede za Oxford ndi Cambridge. M'chaka cha 1940 anatulutsa buku lofotokoza chifukwa chimene Mulungu wachikondi amalolera zowawa, ndipo ambiri analitama. Iye anakhala wosakwatira kufikira zaka 57, pamene anatenga Joy Davidman, mai wa ku America. Ukwati wao unadalitsidwa m'chipatala mu 1957, mkwatibwi ali gone pa kama ndi nthenda ya khansa. Anapezako bwino kanthawi, koma mu July 1960 anatsikira kuli chete.

Pamenepo mayankho aja, olembedwa ndi dzanja lake lomwe, sanamtonthoze. Anatenga makope anai amene anawapeza m'nyumba, nayamba kulembamo zimene ife tikadachita nazo manyazi: mkwiyo wake, kuopa kuti kapena Mulungu ndi wankhanza, ndiponso kuti nkhope ya mkazi wake inali kumsokonekera m'maganizo. Powerenganso anadzidzudzula kuti walankhula za iye mwini koposa za malemuyo. Komabe sanang'ambe mapepalawo, ndipo ife tiyesa kuti apa ndi pamene panagona mphamvu yake. Analola kukhala munthu wosweka mtima, m'malo moumirira kukhala katswiri wodziwa zonse.

M'mawa wina, atagona tulo tabwino, anadzuka mtima utapepukako. Chodabwitsa n'chakuti tsiku limenelo ndi pamene anamkumbukira Joy bwino lomwe, kuposa masiku onse a kulira kowawa. Anaona kuti kuchepa kwa misozi sikutaya wokondedwa, ndipo analeka kudziimba mlandu pa kupepukidwa kwakeko. Amai amasiye amene amaopa kuseka pa gulu, kuti anthu angati aiwala msanga, adziwa kulemera kwa mlandu umenewu.

Zolembazo zinasindikizidwa mu 1961 m'buku lotchedwa A Grief Observed, koma pa chikuto panalembedwa dzina lobisalira la N. W. Clerk. Dzina lake lenileni linaonekerapo pambuyo pa imfa ya mwini wake, imene inachitika mu November 1963.