Si mwana aliyense wovuta amene ali ndi mwano

M'misonkhano ya komiti yosungitsa mwambo m'sukulu zathu za kumudzi, liwu limodzi likumeza anzake onse. Mwana akajomba, akuti mwano. Akakana kutchetcha, mwano. Akangoti duu osayankha funso, mwanonso. Chikhalirecho Chichewa chimasiyanitsa bwino makhalidwe amenewa.

Mwano ndi kunyoza wamkulu mwadala, kaya ndi pakamwa, kaya ndi tsinya. Liuma ndi lina: waliuma akaima paima, ndipo mumadziwiratu kuti sasuntha. Wamakani amalimbana nanu ndi mawu mpaka dzuwa kulowa, ndipo kunena zoona, ena mwa ana amene amakhoza bwino MSCE ndi amakani omwewa, poti salola yankho lopanda chifukwa. Nkhutukumve samakangana nanu n'komwe. Amavomera "chabwino aphunzitsi", akatuluka n'kukachita za m'mutu mwake.

Liwu limene tikuliiwala kwambiri ndi lakuti "wosapanganika". Likuchokera ku mneni "pangana", ndipo kachidutswa ka -ik- kamene kali mkatimo kamasonyeza kutheka kwa chinthu, monga mu "oneka" ndi "dyeka". Choncho wosapanganika ndi munthu amene n'kosatheka kupangana naye. Lolemba walawirira ndipo ntchito walemba, Lachiwiri kulibe, Lachitatu wafika belu lopumira litalira. Wasintha ngati bilimankhwe. Liwuli silikunena za mtima wake. Likungonena kuti mawa lake silidziwika. N'chifukwa chake alimi amatinso mvula ya masiku ano njosapanganika, ikugwa mwanjomba, koma palibe amene amati mvula ili ndi mwano.

Wina anena kuti izi ndi zongosewera ndi mawu. Ayi. Liwu limene lalembedwa m'buku la milandu ndi limene limabala chilango. Mukalemba "mwano", chotsatira ndi kukumba dzenje kapena kum'bweza kunyumba kuti akatenge makolo. Mukalemba "sakupanganika", mwakakamizika kufunsa chimene chikumusinthasintha. Mu Januwale ndi Febuluwale yankho lake kawirikawiri limakhala njala: mwanayo dzulo anali pa ganyu yopalira, kapena anakagona pa mzere wogula chimanga, kapena mtsinje unadzaza. Mwana wotere mukamubweza kunyumba kwa sabata ziwiri, mwam'tumiza komwe kuli ganyu ija, ndipo ena sabwereranso.