Makina ofinyira dongo: chuma cha gulu chimene chimafuna mwambo

M'magulu ambiri oumba mbiya, miphika ya maluwa ndi mbaula za Chitetezo, ntchito imene imadya nthawi ndi yopota dongo kuti likhale ngati chingwe, kupanga zogwirira ndi timafuwa tokhazikapo mphika. Mayi mmodzi akapota zazikulu, mnzake zazing'ono, katundu amatuluka wosiyana, ndipo wogula wa m'tauni amene waitanitsa mbaula 50 zofanana amabweza zina.

Pali chipangizo chimene chimathetsa vutoli, chimene pa Chingerezi amachitcha extruder. Ndi mpope wachitsulo womangidwa pakhoma kapena pamtengo wolimba, wokhala ndi mkono wokankhira dongo pansi. Kukamwa kwa mpopewo amaikako kachikombole kokhala ndi bowo, ndipo dongo limatuluka lili ndi maonekedwe a bowolo, monga mmene mankhwala otsukira mano amatulukira m'chubu. Sichilira magetsi, ndipo wowotcherera zitsulo waluso pamsika akhoza kuchipanga ataona chithunzi.

Nzeruyi ndi yakale, ndipo alimi nawonso anapindula nayo. Mu 1845, Thomas Scragg wa ku England analembetsa makina ofinya mapaipi adongo, amene alimi ankawakwirira m'minda ya lowe kuti madzi azichoka. Njerwa zamabowo za m'mafakitale zimapangidwanso mwa njira yomweyi.

Mtima wa ntchito yonse uli pa kachikombole. Gulu silifunika kugula: kakhoza kudulidwa ku thabwa la pulasitiki lodulirapo nyama kukhitchini, lochindikala pafupifupi sentimita imodzi, kapena ku chitsulo chafulati. Thabwa lamtengo limagwira ntchito koma limafufuma ndi chinyezi, kenako n'kusweka. Jambulani chithunzi pakati penipeni, boolani, ndipo palani ndi tupa. Mbali imene dongo limalowera ikhale yotsetsereka ngati fanulo, ndipo m'mbali monse mwa bowo musalazidwe bwino. Mukasiya ngodya zakuthwa, dongo limatuluka lili ndi mano ngati sowo. Dziwaninso kuti dongo limathamanga pamene bowo lili lalikulu ndi kuchedwa pamene lapanikizika, choncho bowo lokula mbali imodzi limatulutsa chinthu chopindika.

Ambiri amaiwala kuti dongo limafota likamauma ndiponso likawotchedwa, kawirikawiri pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse, ngakhale kuti dongo la dambo lililonse lili ndi khalidwe lake. Musanadule bowo, umbani kachidutswa, lembanipo mzere wa masentimita 10, ndipo mukauyezenso kachidutswako katatuluka m'ng'anjo. Mukatero mudzadziwa kukula kwa bowo loyenera.

Kupanga paipi ndiye kovutirapo. Pakati pa bowo pamayenera kukhala kachitsulo kozungulira, kolendewera pa timikono. Dongo limagawanika podutsa timikonoto ndipo limayenera kulumikizananso lisanatuluke. Timikono tikayandikira kwambiri kukamwa, paipi imaoneka yabwino ili yaiwisi koma imang'ambika motalika pouma.

Dongo lolowa m'makina likhale lofewa kuposa loumbira pamanja, lopondedwa bwino, lopanda miyala ndi mizu. Kamwala kamodzi kakhoza kutseka bowo, ndipo munthu akakakamiza mkono, kachikombole kamathyoka. Mapale osinja amene amayi amasakaniza ku dongo la miphika ayambe asefedwa.

Koma vuto lalikulu m'nyumba youmbiramo anthu ambiri si la makina ayi, ndi la anthu. Wina amamaliza ntchito n'kusiya dongo mumpope. M'mawa lauma gwa, ndipo wobwera pambuyo amataya ola lathunthu akukokota. Wina amaika dongo lofiira pamene munali loyera, osatsuka, ndipo popeza madongo awiriwa safota mofanana, katundu wa mnzake amachita ming'alu. Alangizi athandize gulu kugwirizana lisanagule makina: womaliza kugwiritsa ntchito atsuke, kachikombole kalikonse kalembedwe nambala ndi kukolekedwa pamsomali wake, ndipo pakhale kathumba ka ndalama kokonzetsera zowonongeka. Potsuka agwiritse ntchito madzi ndi kansalu, osati kupala dongo louma kapena kusesa, chifukwa fumbi la dongo limawononga mapapo pang'onopang'ono. Mkono wa makina usasiyidwe uli m'mwamba, makamaka pamene pali ana.

Kodi gulu lililonse likufunika makinawa? Ayi. Amayi oumba mitsuko ingapo pamwezi manja awo ndi okwanira, ndipo chingwe chadongo chofinyidwa chimafunikabe dzanja lodziwa kulumikiza, apo ayi mtsuko udzadontha. Koma kuchokera mu 2013, pamene boma la Malawi linalengeza cholinga chofalitsa mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika 2020, magulu ambiri anaphunzira kuumba katundu wochuluka wa muyeso umodzi. Gulu lotere liwerenge maola amene limathera pa zogwirira ndi timafuwa m'mwezi umodzi, lifunse mtengo kwa wowotcherera zitsulo, kenako liyerekeze ziwirizi pamsonkhano wa mamembala onse.