MABUKU AKALE A M'MISHONI NDI MAKINA A MASIKU ANO

M'parishi iliyonse muli kabati imene ambiri a ife timaitsekula pokhapokha mkhristu akafuna kalata ya ubatizo. Komatu m'kabatimo ndimo mwagona mbiri ya midzi yathu. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua mu 1902, nakhazikika ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, ndipo mu 1928 anatsekula mishoni ya Nambuma. Kulikonse ankalemba mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a maliro, ndiponso buku la zochitika za tsiku ndi tsiku, kaŵirikaŵiri m'Chifalansa. Mabuku otere ndiwo anathandiza Ian Linden polemba buku lake la 1974, lofotokoza kulimbana kwa amishoni ndi nyau pakati pa Acheŵa.

Koma pepala lili ndi adani: chiswe, makoswe, chinyezi ndi moto. Mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda zinathera pomwepo. Nchifukwa chake Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 535, alamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi malo osungira zolembedwa, ndi kuti mabuku akale asamalidwe kwambiri.

KUJAMBULA MABUKU

Masiku ano akatswiri a mbiri yakale, a zilankhulo ndi a nyumba zosungira mabuku apeza njira yatsopano. Buku limaikidwa pansi pa kamera, tsamba lililonse nkujambulidwa palokha, zithunzizo nkusungidwa m'kompyuta. Amonke a Benedikito Woyera a ku Collegeville, ku America, anayamba ntchito yotere mu 1965 pogwiritsa ntchito filimu, ndipo kuyambira 2003 amajambula ndi kamera za kompyuta; afika ku Ethiopia, ndipo ajambulanso mabuku a Asilamu a ku Timbuktu. Nayo laibulale ya ku Vatican yaika pa intaneti mabuku ake ambiri olembedwa pamanja. Kuno kwathu, British Library yathandiza a National Archives ku Zomba kujambula zolembedwa zakale za mafumu ndi makhoti awo.

Kujambula ndiko chiyambi chabe. Pali mapulogalamu, monga Transkribus, amene amaphunzitsidwa kuŵerenga dzanja la munthu mmodzi: timawalembera bwino masamba angapo, iwo nkupitiriza okha pa masamba otsala. Zikatero, wofufuza angathe kufunsa buku mafunso amene kale akadatha nawo chaka chathunthu. Kodi pa njala ya 1949 maliro anachuluka miyezi iti, m'midzi iti ya kwa Kabudula? Kodi amuna a ku Nsaru ndi ku Mpingu anayamba liti kusoŵa pa ubatizo wa ana awo chifukwa anali ku migodi? Kodi ndi akatekisiti ati amene anatsekula masukulu a kumidzi, amene maina awo samveka m'mbiri imene timaphunzira m'seminale?

ZIMENE MAKINA SANGATHE

Pano tichenjere pa zinthu zitatu. Choyamba ndi chilankhulo. Makinaŵa anazoloŵera Chifalansa ndi Chilatini kuposa Chicheŵa. Komanso amishoni ankalemba c pamene ife tilemba ch, ndipo dzina limodzi la mudzi lingapezeke m'kalembedwe kosiyanasiyana. Wodziŵa kuti maina amenewo ndi a mudzi umodzi ndi munthu wa komweko, osati kompyuta.

Chachiŵiri ndi chinsinsi. M'mabuku a parishi muli nkhani za maukwati osokonekera, za zilango, za ana amene bambo wawo sanalembedwe. Eni nkhanizo, kapena adzukulu awo, ali moyo ku Namitete ndi ku Nambuma. Zimene zajambulidwa pofuna kuzisunga siziyenera kuponyedwa zonse pa intaneti. Ambuye Episkopi ndiwo aike malire. Chimodzimodzi pa za gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005: mlendo analemba zimene anamva za kudambwe, koma eni dambwe sanafunsidwe.

Chachitatu ndi liwu la wolemba. Buku la zochitika ndi maso a wansembe wa ku Ulaya, wolembera akulu ake. Tikaliŵerenga lokha tidzamva mbali imodzi ya mlandu, chonsecho mutu umodzi susenza denga. Tiyenera kuliika pambali pa mawu a nkhalamba zathu, amene nawonso angajambulidwe, ngakhale ndi foni ya m'manja, eni ake akavomera.

NTCHITO YATHU

Sitiyenera kudikira thandizo la kunja kuti tiyambe. Mseminale amene ali patchuthi angathe kulemba mndandanda wa mabuku onse a parishi yake: dzina la buku, zaka zake, chilankhulo chake, ndi mmene lawonongekera. Popanda mndandanda, zithunzi zikwizikwi zili ngati nkhokwe yopanda khomo. Bambo mfumu achotse mabuku pansi ndi pakhoma lachinyezi. Zithunzi zikajambulidwa zisungidwe malo atatu: kuparishi, kudayosizi ndi kuseminale, pakuti nayo kompyuta imafa. Ndipo buku lenilenilo lisatayidwe konse. Chithunzi ndi mboni yake chabe.

Amene anatitsogolera analemba ndi inki pa kuŵala kwa nyali, osadziŵa amene adzaŵerenge. Oŵerengawo ndife. Chiswe sichidikira kuti titsirize maphunziro.