KUCHENA KWA M'CIGWA CA LUANGWA: THONJE NDI LATHU, NANGA NSALU NJA YANI?

Boma la Mambwe, m'cigawo ca Kum'mawa, lidziwika kutali cifukwa ca nyama za m'nkhalango ya South Luangwa. Koma munthu woyenda pa mseu wocokera ku Chipata kunka ku Mfuwe pa tsiku la mapemphero kapena la ukwati adzaona cinthu cina cimene alendo ojambula njobvu sacilabadira kweni-kweni: anthu a m'cigwa muno adziwa kubvala. Amai amanga citenje ndi duku logwirizana naco, anyamata asita malaya ndi simbi ya makala, ndipo atelala akhala pa makonde a masitolo napalasa makina ao. Funso limene tiika pamaso pa owerenga athu ndi ili: kodi kuchena kumeneku tikuphunzira kwa yani, ndipo ndalama zake zilowa m'thumba la yani?

MPHUNZITSI WOYAMBA NDI DZUWA

Asanabwere munthu ali yense kudzatiphunzitsa mabvalidwe, cigwa ceni-ceni cinatiphunzitsa kale. M'mwezi wa October kutentha kupitirira madigiri 40 masana, ndipo nsalu yonyezimira ya nailoni imene ikoma m'maso pa msika isanduka ng'anjo pathupi. Nsalu ya thonje imwa thukuta ndi kulola mphepo kudutsa. Ici ndico cifukwa cake agogo athu ayamba aigwira nsalu ndi zala asanafunse mtengo.

Mphunzitsi waciwiri ndi kashembe. Kacirombo kameneka kakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, kotero kuti akatswiri olimbana nako apacika m'chire nsalu za mitundu iwiriyi zopakidwa mankhwala kuti katerepo ndi kufa. Motero operekeza alendo m'nkhalango abvala kaki ndi zobiriwira, zimene sizikopa kashembe ndiponso sizidzidzimutsa nyama. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene malemu Norman Carr anayamba kuyenda ndi alendo pansi kukaona nyama, kaki wakhala cizindikiro ca nchito yolemekezeka m'cigwa. Mnyamata wa kwa Kakumbi akaona mkulu wake atabvala kaki wosita bwino, sasirira nsalu yokha ai, asiriranso sukulu ndi mayeso amene anam'fikitsa pamenepo.

CITENJE: MLENDO AMENE ANAKHALA MWINI MUDZI

Makolo a Akunda ndi anansi ao anali kubvala zikopa ndi nsalu ya makungwa a mitengo, yosulidwa mpaka kufewa. M'zaka za m'ma 1800 amalonda ocokera ku gombe la nyanja ya mcere anali kubweretsa nsalu ndi mikanda nasinthanitsa ndi minyanga ya njobvu. Maluwa a citenje amene tiwayesa athu lero ali ndi ulendo wautali koposa. Luso lojambula nsalu ndi phula linali la anthu a pa cisumbu ca Java. Azungu a ku Netherlands analitengera ndi kuyamba kudinda nsalu zotere ndi makina, ndipo msika waukulu anaupeza kumadzulo kwa Africa. Kampani ya Vlisco, ya mu mzinda wa Helmond, inayamba mu 1846.

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Citenje cinabwera ngati mlendo, koma amai athu anacipatsa nchito zimene ocipanga sanaziganizire. Cibereka mwana, cipereka ulemu pamaso pa apongozi, ciyalidwa pansi pa maliro, cikhala mphatso ya mkamwini kwa amai a mkazi wake. Mipingo ndi zipani zidinda zitenje zao. Pa mwambo wa Malaila, pamene Akunda a kwa Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro asonkhana pansi pa Mfumu Yaikulu Nsefu, magulu a amai adziwika ndi nsalu imodzi imene anagwirizana kusoketsa. Phunziro lake nlakuti kutengera kwa ena si kulakwa, malinga munthu acisandutse cinthuco kukhala cake.

SUTI IMENE INATENGA DZINA LA MUNTHU

Abambo naonso anali ndi womuonera. Dr Kenneth Kaunda, amene analamulira dziko lino kucokera mu 1964 kufika mu 1991, anakonda suti yopepuka yosafuna tai, yoyenera dziko lotentha. Aphunzitsi, akalaliki ndi akulu a boma anam'tsanzira, ndipo mpaka lero maiko ambiri a mu Africa aicha suti ya Kaunda. Mu November 2023 inamvekanso pa nkhani pamene Sipikala wa Nyumba ya Malamulo ya ku Kenya analetsa aphungu kulowa nayo m'nyumbamo, ngakhale kuti mtsogoleri wa dzikolo, a William Ruto, anali kuikonda. Dr Kaunda sanaipange yekha sutiyo, koma anasankha cobvala cogwirizana ndi dziko lake ndi maganizo ake, nakhala naco osasintha-sintha. Munthu wobvala modzidziwa ndiye amene anzake am'tsanzira.

MAFAKITALE ANAGONA, SALAULA INADZUKA

Pa nthawi imeneyo Zambia inali kuomba nsalu zake. Kunali fakitale ya Kafue Textiles, ndiponso ya Mulungushi Textiles ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China ndi kuyamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Pambuyo pa 1991 zitseko za malonda zinatsegulidwa, nsalu ndi zobvala zochipa za kunja zinadzaza misika, ndipo mafakitale athu anafooka. Makina a ku Mulungushi anaima mu 2007.

M'malo mwake munalowa salaula, liu la Cibemba lotanthauza kusankha pa mulu, imene abale athu a ku Malawi aicha kaunjika. Sitingainyoze salaula, pakuti yabveka ana ambiri amene akadayenda usiwa. Katswiri wina, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lochedwa Salaula mu 2000, m'mene anaonetsa kuti anthu a mu Zambia sangotola ciri conse ai: asankha mosamala, napita naco kwa telala kuti acepetse, atalikitse kapena asinthe mabatani kufikira cobvalaco citakhala ca mwini wake.

Komabe mlimi wa thonje wa kwa Msoro kapena kwa Jumbe ayenera kulingalira. Iye alima, apopera mankhwala, athyola thonje dzuwa likuswa mtengo. Thonjelo lipita ku makina ocotsa njere ku Chipata, ndipo lambiri lituluka m'dziko lisanapotedwe nkomwe. Pamapeto pake mlimi yemweyo agula malaya amene munthu wina anabvala kale kutsidya kwa nyanja, ndipo mkazi wake agula citenje codindidwa ku maiko monga Tanzania, India kapena China. Phindu la kupota, kuomba, kudinda ndi kusoka litsala kwa eni makina.

MANJA A KU MFUWE

Umboni wakuti luso lilipo m'cigwa suli patali. Mu 1991 mai Gillie Lightfoot anayambitsa Tribal Textiles, imene igwira nchito zake ku Mfuwe. Kumeneko amisiri ajambula maluwa ndi nyama pa nsalu ya thonje ndi phala la ufa, naiumitsa pa dzuwa. Kenaka apaka utoto ndi manja, aitenthetsa nsaluyo mu uvuni kuti utoto ugwire, ndipo potsiriza aicapa ndi kupala phala lija. Pamene panali phala patsala mizere yoyera imene ipatsa nsaluyo maonekedwe ake. Ndi luso la mtundu umodzi ndi la ku Java lija, koma locitidwa ndi ana a m'cigwa.

Mu 2013 mai Kate Wilson anayambitsanso Mulberry Mongoose, kumene amai ndi abambo a m'derali apanga ndolo, zibangili ndi zobvala m'khosi. Cida cao codziwika ndi waya wa misampha umene oteteza nyama acotsa m'chire. Waya umene unacheredwa kuti uphe mbawala kapena mkango udulidwa, usulidwa ndi nyundo, nulumikizidwa ndi mikanda. Gawo la ndalama zake lithandiza mabungwe oteteza nyama monga Conservation South Luangwa.

Ogula ambiri a zinthu zimenezi ndi alendo ofika pa bwalo la ndege la Mfuwe. Caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo, cinaonetsa kuopsa kwa kudalira msika umodzi: alendo atasowa, mabanja ambiri a m'cigwa anasowa pogwira. Luso limene libveka mlendo yekha liri ngati munda wa mbeu imodzi.

TICITENJI TSONO?

Acinyamata a lero aona mabvalidwe a ku Lusaka, Lagos ndi Johannesburg pa lamya za m'manja. Palibe coipa pamenepo. Cofunika ndi kutenga cithunzico kunka naco kwa telala wa ku Masumba kapena pa boma pa Mambwe, kuti asoke molingana ndi thupi, nyengo ndi thumba la mwini. Pogula nsalu kumbukirani kuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere: tikitani kangodya kake ndi zala, pakuti nsalu yodzaza sitaci ioneka yolimba pa msika koma ikalowa m'madzi itsala ngati sefa.

Masukulu, mipingo ndi makomiti a miyambo ali ndi mbali yaikulu. Oda imodzi ya mayunifomu yoperekedwa kwa atelala a m'dera ingathe kudyetsa mabanja angapo kwa miyezi. Mu 2022 boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo m'thumbamo munaikidwa gawo la maphunziro a luso la manja ndi lothandizira magulu a amai ndi acinyamata. Magulu a m'dera la Malambo afunse ku ofesi ya khonsolo za m'mene angapemphere makina osokera ndi maphunziro.

Dzuwa linatiphunzitsa kusankha nsalu, amai athu anatiphunzitsa kusandutsa ca mlendo kukhala cathu, ndipo amisiri a ku Mfuwe aonetsa kuti manja a m'cigwa angathe kukondweretsa dziko lonse. Catsala ndi cakuti ife eni, pochena, tiyambe takumbukira mlimi wa thonje ndi telala wa pa khonde.