Oyilo akasanduka tiyi wamkaka

Foni inalira m'mamawa mu Disembala, mvula itagwa kale kawiri. Anali bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Nsaru, amene amalima minda ya anthu ndi thalakitala yake polipiritsa pa ekala. "Amisiri, bwerani msanga. Pampu yafa, pulawo sikunyamuka." Ndinanyamuka ku Namitete pa njinga yamoto, chikwama cha masipanala kumsana.

Ndinakaipeza Massey Ferguson yofiira ili njo pakati pa munda, pulawo itamira m'dothi. Bambowo anali atafunsa kale mtengo wa pampu yatsopano ku Lilongwe, ndipo nkhope yawo inali yakugwa. Ndisanamasule kanthu ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo wakumbuyo. Oyilo wabwino amaoneka ngati uchi, woonekera mkati. Uyu anali ngati tiyi wothira mkaka.

"Bambo, pampu mwina ikadali moyo," ndinatero. "Koma thalakitala yanuyi yamwa madzi."

Hayidiroliki si yovuta kuimvetsa. Pampu imakankha oyilo m'mapaipi ndi mphamvu yaikulu, oyiloyo n'kukankha ndodo yachitsulo ya m'silinda, ndodoyo n'kunyamula pulawo, kupendeketsa ngolo kuti ikhuthule mchenga, kapena kutsitsa mpeni wa giledala. Chovuta ndi kuthinana kwa zitsulo za mkati. Tsitsi la munthu ndi lokhuthala pafupifupi mamaikiloni 70, ndipo diso limalephera kuona chinthu chochepera mamaikiloni 40. Mpata wa pakati pa zitsulo za pampu ndi mavavu nthawi zambiri sufika n'komwe mamaikiloni 10. Choncho kafumbi kamene kamapala pampu mpaka kuipha ndi kaja simungakaone ngakhale mutapenyetsetsa botolo padzuwa.

Ndipo fumbi kwathu kuno silisowa. Misewu yambiri ya kumidzi kuno inalambulidwa m'nthawi ya Lilongwe Land Development Programme, ntchito yachitukuko imene inayamba mu 1968, ndipo mpaka lero yambiri ndi yadothi. Mu Okutobala galimoto ikadutsa cha ku Kabudula kapena Nambuma, katondo amakwera mpaka pamadenga. Amakakamira pa ndodo za masilinda zonyowa ndi oyilo, ndipo labala wopukuta ndodoyo akang'ambika, ndodo ikamabwerera mkati imalowa nalo fumbilo. Komabe ndinene zimene ndaona pa zaka zanga pantchitoyi: litsiro lambiri timalowetsa ndife, ndi manja athu. Fanulo yogona pansi. Chigubu chimene dzulo munali dizilo. Chisanza chopukutira pakamwa pa tanki. Oyilo wopimidwa m'mabotolo pamsika, amene palibe akudziwa mgolo umene anachokera. Zimandiwawa kuona munthu amene anagulitsa fodya wa zaka zingapo kuti apeze makina akuwapha ndi fanulo.

Madzi nawo ali ndi njira zawo. Pa mathalakitala ambiri akale a Massey Ferguson, magiya, ekiselo yakumbuyo ndi hayidiroliki zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi. Labala wa patsinde pa ndodo ya magiya akang'aluka, thalakitala n'kugona panja pansi pa mtengo wa mango, mvula imatsetsereka ndi ndodoyo mpaka mkati. Ndi zimene zinachitika ku Nsaru kuja. Mgolo wa oyilo woimikidwa pabwalo nawonso umamwa madzi odikha pamwamba pake: masana umatentha n'kutulutsa mpweya, usiku umazizira n'kukoka madziwo kudzera pachitsekero. Muziugoneka chammbali, pamthunzi.

Kuyeza oyilo sikulira zida zodula. Lizani injini kanthawi kuti oyilo afunde ndi kusakanikirana, kenako tapani pang'ono m'botolo loyera, louma. Akakhala wotuwa ngati mkaka, muli madzi. Ngati mukukayika, tenthetsani kachitsulo kafulati, osati mpaka kufiira, n'kudonthezapo kadontho. Akathetheka ngati mafuta a pachiwaya cha tchipisi atadonthera madzi, ndiye kuti madzi alimo. Thovu limasonyeza kuti pampu ikukoka mpweya, mwina oyilo wachepa kapena paipi yokokera yamasuka penapake, ndipo pampu yotere imalira mokwiya ngati yameza timiyala. Oyilo wakuda wonunkha chopserera watenthedwa. Kutentha kukamapitirira madigiri 80, oyilo amakalamba msanga ndipo malabala amauma n'kuyamba kudontha.

Botolo lija musalitaye. Liikeni pawindo usiku wonse, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa madzi ndi matope zimakhala zitadikha pansi. Yendetsani maginito m'mbali mwa botolo. Tizitsulo tikamatsatira, china chake chikudyeka mkati. Fyuluta yakale nayo ili ndi nkhani: itseguleni, tambasulani pepala lake padzuwa. Tinthu tonyezimira ngati golide ndi mkuwa wochokera m'pampu, ndipo mukationa dziwani kuti kusintha oyilo kokha sikuthandiza. Eni zikatapila ndi magiledala a makampani omanga misewu amatumiza kabotolo ka oyilo kulabotale, kumene makina amawerenga tizidutswa m'mililita iliyonse potsata muyezo wotchedwa ISO 4406. Kwa makina a mtengo wotero, ndalama yoyezetsayo ndi yochepa kwambiri.

Pa kutsuka m'pamene anthu ambiri amadula njira. Amakhuthula wa m'tanki, kuthira watsopano, basi. Koma oyilo wambiri amakhala atatsalira m'masilinda ndi m'mapaipi, ndipo mukangoliza injini amasakanikirana ndi watsopano uja, tiyi wamkaka n'kubwerera. Ine ndimayamba ndi kutsuka kunja konse kuzungulira zitsekero. Ndimatsitsa zonyamula zonse pansi, kukhuthula oyilo akadali wofunda, kupukuta pansi pa tanki ndi nsalu yosathothoka ulusi, kutsuka sefa yawaya ya pampu, kusintha fyuluta ndi kachipewa kopumira tanki. Ndikatero ndimathira oyilo wa mtundu umene buku la makinawo limanena, kudzera m'sefa, chifukwa ngakhale wochokera mumgolo wosatsegula sakhala woyera mokwanira. Ndimakweza ndi kutsitsa zonyamula kambirimbiri popanda katundu, n'kukhuthulanso. Inde, ndiye kuti mwagula oyilo kawiri. Yerekezani ndi mtengo wa pampu, kuphatikiza masabata olima amene mungataye mukudikira kuti ifike mvula ikugwa.

Ena amatsukira dizilo kapena parafini makina akulira. Sindivomereza. Zimenezi n'zopyapyala, siziteteza zitsulo kuti zisapalane, ndipo zotsalira zake zimasungunula oyilo watsopano. Kusakaniza mitundu ya oyilo nakonso n'kuika makina pachiswe. Chikatapila chofuna oyilo wa nambala 46 kapena 68 ndi thalakitala yofuna oyilo wa magiya ndi hayidiroliki pamodzi sizimwera chikho chimodzi.

Chinthu chimodzi ndimachinena mokweza kwa anyamata onse amene ndimawaphunzitsa: musafufuze podontha ndi dzanja. Oyilo wotuluka pa kabowo ka paipi makina akulira amatha kuboola khungu ngati jakisoni. Kabala kake kamaoneka kakang'ono, koma mkati mnofu umayamba kufa, ndipo anthu adulidwapo zala chifukwa chozengereza. Gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni. Zikachitika, thamangani nthawi yomweyo kuchipatala, kaya ku St Gabriel kapena ku Kabudula, ndipo mukawauze madokotala momveka kuti oyilo walowa m'thupi ndi mphamvu ya pampu, chifukwa bala lotere nthawi zambiri limafuna opaleshoni. Oyilo wakutha uja musamuthire pansi kapena m'dambo. Zitsime ndi madimba athu zimamwa madzi omwewo.

Ku Nsaru kuja tinagwira ntchito masiku awiri. Sefa ya pampu tinaipeza itamatidwa ndi phala lotuwa, n'chifukwa chake pulawo inkakanika kunyamuka. Tinatsuka, kusintha oyilo kawiri, n'kuika labala watsopano pa ndodo ya magiya. Madzulo a tsiku lachiwiri bambowo anakoka chogwirira, pulawo n'kunyamuka bwinobwino, dothi likuyoyoka. Botolo la oyilo wakale anakana kuti ndilitaye. Anati akamuonetse mnyamata wawo woyendetsa, kenako anayamba kundifunsa malata angati angakwane pa shedi yogonamo thalakitala.