Nkhalamba Ikagwidwa ndi Nthenda Yopatsana

Lero tikambe za nkhalamba, makamaka zija zosungidwa pamodzi m'nyumba zolerera okalamba, ndi cifukwa cace nthenda imodzimodzi ipha wina nisiya mnzace.

Ku Botswana, monganso kwathu kuno, nkhalamba zambiri zisungidwa ndi ana ao pamudzi. Koma pamene Covid-19 inalowa m'dzikomo mu March 2020, woyamba kufa nayo anali mai wokalamba wa ku Ramotswa, kumwera kwa Gaborone, ndipo nthendayo inadziwika iye atamwalira kale. Boma linapatula cipatala ca Sir Ketumile Masire, ku Gaborone, kuti cizilandira odwala nthendayi.

Tsono thupi la nkhalamba siliulula msanga. Mnyamata akagwidwa ndi cibayo atentha thupi, natsokomola, ndipo ali yense aona. Nkhalamba kawiri-kawiri siitentha konse ai. Ingoleka kudya, nisokonezeka maganizo, nigona usana wonse, kapena kugwa popita kucimbudzi. Abale angoti agogo atopa ndi ukalamba, pomwe cibayo ciri kudya mapapo.

M'nyumba ina yolerera okalamba ku King County, ku America, mu March 2020, anayeza anthu 76, napeza 48 ali ndi kacirombo. Mwa iwowa, 27 sanali kumva kanthu tsiku lowayezalo, koma patapita masiku owerengeka 24 anayamba kudwala. Taganizani: masiku onsewo anali kukhala m'nyumba imodzi ndi anzao.

Cina cacikuru ndico nthenda zimene munthu ali nazo kale. Shuga afooketsa asilikari a m'magazi. Mtima wotopa ulephera kupopa magazi mapapo akadzala madzi, ndipo impso zofooka zionongeka msanga wodwala akaleka kumwa. Ku Botswana boma linayamba kugawa ma ARV ulere mu 2002, ndipo ambiri amene anapulumuka nao tsopano ali ndi imvi. Woleka mankhwalawa ndiye asanduka ndiwo za cibayo ndi cifuwa cacikuru. Kwa ine, zaka pazokha sizitiuza zambiri: agogo olimabe pa zaka 80 angapirire kuposa wa zaka 68 wogona pamphasa.

Mukaona nkhalamba yasintha mwadzidzidzi, musadikire kutentha thupi. Pitani nayo kucipatala tsiku lomwelo, mutanyamula mankhwala onse amene imamwa, ndipo muuze dotolo tsiku limene inaleka kudya.