Khansa yatha, koma nsima ikukanabe kutsika

Pa 27 Julayi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira khansa ya m'mutu ndi pakhosi, ndipo uthenga wake ndi womwe uja: siyani fodya, chepetsani mowa, mawu akasasa osachira thamangirani kuchipatala. Za amene apulumuka sizikambidwa kawirikawiri. Ambiri a iwo amabwerera kunyumba chotupa chitaphwa, koma akutsamwa ngakhale ndi madzi akumwa.

M'dera lina mumzinda wa Blantyre muli bambo wina amene kale ankayendetsa lole. Anakawotchedwa chotupa ndi makina a radiotherapy ku Lusaka, monga ankachitira odwala ambiri a kuno amene ankatumizidwa ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India. Chithandizochi chimatenga milungu 6 kapena 7, masiku 5 pa mlungu. Madokotala akuti khansa sikuonekanso.

Koma kudya kwake ndi ntchito yokhetsa thukuta. Mkazi wake amaphika phala la ufa woyera, kutsira nsinjiro, dzira ndi mafuta pang'ono, kenako kulisefa kuti pasatsale kachibulumwa. Likakhala lofunda, wailesi imazimitsidwa ndipo ana amauzidwa kukasewera panja, chifukwa wina akangomuseketsa chakudya chimasochera. Bamboyu amakhala tsonga pampando, kutapa ndi kasupuni ka tiyi, kuweramitsa chibwano pachifuwa, kugwira mpweya, kumeza kawiri, kenako kutsokomola dala. Amapuma, n'kuyambanso. Pofika pakati pa mbale phala limakhala litazizira, iye thukuta lili kamukamu. Akatha samagona msanga, amakhalabe tsonga kuti zimene wameza zisabwerere.

Cheza cha radiotherapy chimene chimapha khansa chimawononganso tiziwalo totulutsa malovu, motero mkamwa mumauma gwa. Minofu ya pakhosi imalimba ngati chikopa cha ng'oma, ndipo nsagwada sizitseguka mokwanira. Shuga sam'tsekemera, nyama imamveka chitsulo, tsabola ndi mandimu zimamuwotcha. Chodabwitsa kwa achibale n'chakuti phala lolimbirako limatsika bwino kuposa madzi. Madzi amathamanga, amalowa m'njira ya mpweya isanatsekeke, ndipo akafika m'mapapo amayambitsa chibayo.

Nsima anaiyesapo ndi therere, kambamu kochepa kuposa nsonga ya chala. Kanatsika. Kachiwiri kanakana.

Mkangano waukulu m'banjamo uli pa chubu chodyetsera chimene anamuika kudzera m'mphuno. Mkazi wake akufuna chikhalebe, poti ndi chimene chinam'bweza thupi litatheratu, ndipo mankhwala ndi madzi zimadutsa momwemo popanda kutsamwa. Mchimwene wake wamkulu akufuna chichoke lero lomwe. Maganizo ake ndi amene amamveka m'mawodi ambiri m'dziko muno, akuti wodwala akangoikidwa chubu ndiye kuti zake zada, chubucho chimangomutsiriza.

Zoti chubu chimapha n'zabodza. Chimaikidwa mochedwa, munthu atafooka kale, n'chifukwa chake imfa imaoneka ngati yabwera nacho. Komabe mchimweneyo sanaphonye kwenikweni, pakuti akatswiri nawonso sagwirizana pa nthawi yochiikira. Ena amati chiikidwe chithandizo chisanayambe, chifukwa zilonda za mkamwa zikabuka pakati pa chithandizo wodwala amawonda msanga, nthawi zina mpaka chithandizocho kuimitsidwa, zomwe zimapatsa khansa mpata. Ena amati khosi limene silikugwira ntchito limaiwala kumeza: minofu imafota, zipsera zimauma, ndipo amene amayenera kukhala ndi chubu kwa miyezi yochepa amakhala nacho mpaka kalekale. Pamene mbali zonse zimakumana ndi poti ngakhale chubu chilipo, wodwala azimezabe kanthu tsiku lililonse, ngakhale masupuni ochepa, ndi kuchita masewera olimbitsa lilime ndi nsagwada.

Kungoti mkangano wa akatswiriwu unabadwira m'zipatala zimene zili ndi akatswiri ophunzitsa kumeza, amene amajambula khosi n'kuona kumene chakudya chikulowera. Kuno akatswiri otere ndi owerengeka kwambiri. Woweruza amakhala mayi amene wagwira mbale, kumvetsera ngati mawu a mwamuna wake akumveka onyowa akameza, chizindikiro chakuti chakudya chalowa kolakwika. Kumuuza mayi ameneyu kuti achotse chubu chifukwa cha mantha a achibale n'kumusenzetsa katundu amene si wake.

Pakadali pano a m'banjamo agwirizana kuti m'mawa ndi masana azidya ndi supuni, madzulo chubu chizikwaniritsa zotsala. Mapeyala ofinya ndi chambiko zalowa pamndandanda.

Kumaliro bamboyu amapitabe, atanyamula kabotolo ka madzi konyowetsera mkamwa, koma amanyamuka mabeseni a nsima asanayambe kuzungulira. Kukana mbale pagulu n'kovuta, kufotokoza chifukwa chake n'kotopetsa. Ena m'deramo ayamba kale kunena kuti chibwerereni ku Zambia wayamba matama.